Mpukutu Wakale

9 Febuluwale

Amake Kadona,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mwana. Chifuwa chake chija chinasiya? Ine kuno ndili bwino, kupatula msana umene umandikumbutsa m'mawa uliwonse kuti unyamata unapita. Achimwene anu akupereka moni. Dzino lija anakachotsetsa Lachiwiri, tsaya latupa ngati abisa ndimu m'kamwa, koma kulongolola sanasiye.

Mudabwa kuti ndalemba kalata foni ilipo. M'chipinda muno timagona awiri, ine ndi alamu, ndipo khoma lake ndi la bolodi: ukatsokomola, a chipinda chinacho amati pepani. Nkhani iyi si ya pa foni. Kalatayi ndapatsira adalaivala a basi, pamodzi ndi kangachepe ka nsapato za sukulu za Kadona. Mugule zokulirapo, phazi lake silidikira malipiro.

Munandifunsapo kuti ntchito yanga ndi yotani kwenikweni. Ndimayendetsa makina okutira mabisiketi. Pepala lokutiralo limabwera mumpukutu waukulu ngati tayala la galimoto, ine ndimaukweza pa makina. Pa paketi iliyonse pali timizere takuda tija, amati bakhodi, ndi nambala pansi pake. Kosungira katundu sawerenga mawu a pa paketi. Amangowalitsa kamakina kofiira pa timizereto, kakati tii, kompyuta yadziwa kale kuti ndi katundu wanji ndipo akupita kwa ndani. Alamu, amene amasunga makiyi a chipinda cha mipukutu, anandiphunzitsa tsiku loyamba lomwe. "Alamu," anatero, "akangokongoletsa chithunzi, nambala imakhala yomweyo. Koma akasintha kulemera kwa paketi kapena zamkati mwake, nambala isinthenso. Kompyuta ilibe lilime, siilawa bisiketi."

Mwezi uno asintha zamkati, ayamba kuthiramo mtedza. Kunabwera mipukutu yatsopano, ya nambala yatsopano, yolembedwa kuti muli mtedza. Yakale yotsala anaitsekera m'kachipinda ka waya, ataimanga tepi yofiira, kudikira kuti ikaonongedwe.

Lachiwiri la dzino lija, alamu popita kuchipatala anandisiyira makiyi, ngakhale lamulo sililola, kuti mwina ndingafune inki. Masana mpukutu watsopano womaliza unatha, lole yobweretsa ina isanafike. Kapitawo wathu, amene timamutcha Chimphepo, anali atanena kale kuti mwezi uno akusankha aganyu oti alembedwe ntchito yokhazikika, ndipo amene makina ake azima asayembekezere kanthu. Miyezi khumi ndakhala waganyu, mukudziwa. Ndinatsegula kachipinda ka waya, ndinadula tepi yofiira, ndinakweza mpukutu wakale, tepiyo n'kuimanganso pa yotsalayo. Chimphepo amayang'anira ntchito ndi makutu, makina akamalira sasuzumira. Panatuluka makatoni makumi anayi a mabisiketi a mtedza atavala pepala ndi nambala ya opanda mtedza. Palibe anaona.

Ndikumadziuza kuti bisiketi ndi bisiketi, ndipo kamtedza kake n'kochepa. Koma chichitireni chakudya sichikundikomera. Alamu sindinawauze.

Lata lodontha lija mupemphe mmisiri aliike phula mvula isanaononge matiresi.

Ine mwamuna wanu.

24 Febuluwale

Amake Kadona,

Moni. Mwadzuka bwanji ndi mwana? Ine thupi lili bwino. Zina sizili bwino.

Makatoni aja apezeka, koma apezeka moipa. Mabisiketi akale otsala, opanda mtedza, anawasungira kampani ina imene imagawa zakudya m'masukulu a ana aang'ono. Iwo amagula opanda mtedza okhaokha, chifukwa pali ana ena amene thupi lawo limadana nawo. Ine zimenezi sindinkazidziwa, ndikulumbira. Kompyuta itaona nambala yakale pa makatoni anga inawaika pa mulu womwewo, lole n'kunyamula.

Mwana wamkazi wa zaka zisanu ndi chimodzi anadya. Akuti milomo inatupa, khosi linatseka, anathamangira naye kuchipatala akulephera kupuma. Zaka zisanu ndi chimodzi, amake Kadona. Sindikufunika kukuuzani amene ndinamuona m'maso mwanga atanena zimenezo.

Katundu yense wa nambala yakale amubweza, malole atatu, chifukwa kamakina kofiira sikangasiyanitse wabwino ndi woipa. Onse akulira tii mofanana. Tatha masiku anayi tikutsegula makatoni ndi manja, kuyang'ana kachidindo kakang'ono ka tsiku. Kachidindo komweko kanaonetsa tsiku lake ndi makina ake. Makina anga.

Anandiitana mu ofesi ya mayi amene amayeza ubwino wa katundu, timawatcha a Sikelo. Munali iwo, Chimphepo ndi alamu. A Sikelo sakalipa, amangokuyang'ana pamwamba pa magalasi mpaka umve ludzu.

"Bambo," anatero, "mpukutu wakale unafika bwanji pa makina anu?"

Ndinatsegula pakamwa ndikufuna kunena zoona, Mulungu ndi mboni. Koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Ine ndimakweza mpukutu umene ndapatsidwa, mayi."

Onse anatembenukira kwa alamu, poti wopereka mipukutu ndi iwo. Alamu anandiyang'ana kamodzi kokha, kenako anayang'ana makiyi amene anali m'manja mwawo. Akanatha kunena kuti tsiku limenelo anali pa mpando wa dokotala wa mano. Koma akanatero, funso lotsatira linali lakuti makiyi anali ndi ndani. Anangoti, "Ndamva, mayi."

Ine andipatsa chenjezo la pakamwa chifukwa chosayang'anitsitsa. Alamu awaimitsa ntchito mpaka nkhani itafufuzidwa. Potuluka a Sikelo anati kwa ine, "Ngati mungakumbukire china, chitseko changa n'chotsegula mpaka Lachisanu."

Lachisanu lake linali dzulo.

Sopo wochapira kuno wakweranso, ndiye ulendo uno sinditumiza, mugule komweko.

Ine mwamuna wanu.

6 Malichi

Amake Kadona,

Moni kwa inu ndi kwa mwana. Adalaivala abwera chimanjamanja, akuti simunawapatsire kanthu. Mwina mwatanganidwa ndi dimba. Ine ndili bwino.

Mwana uja watuluka m'chipatala. A Sikelo analengeza m'mawa tisanayambe ntchito, anthu anaomba m'manja. Ine ndinapita kuchimbudzi n'kukalira ngati wofedwa, pompopompo belu n'kulira.

Dzina langa latuluka pa mndandanda wa olembedwa ntchito yokhazikika. Anaumata pa chitseko cha kantini. Chimphepo anandimenya paphewa n'kunena kuti makina anga sanazimepo mwezi wonse. Andipatsa ovolosi yatsopano ndi nsapato zachitsulo kutsogolo. Nkhani imene takhala tikuipempherera miyezi khumi ndi imeneyi, ndipo ndikuilemba mutu uli pansi.

Ndinabisa ovolosiyo m'jumbo, koma m'chipinda chimodzi ungabisenji? Alamu anaitulutsa okha, anaikutumula, anaipachika pa msomali kuti isakwinyike. "Zikomo kwambiri, alamu, mwalimbikira," anatero. Ndinayesa kumvetsera ngati muli chipongwe m'mawu awo. Munalibe. Chikanakhalamo bwenzi ndikupezako bwino.

Munthu amene wagwira ntchito pa fakitale imeneyi zaka khumi ndi chimodzi osachedwapo, tsopano amakhala m'chipinda tsiku lonse. Amasesa, amachapa, ndikaweruka ndimapeza andiphikira ndipo andivundikirira mbale. Amadzukabe nthawi ya ntchito, n'kumeta ndevu, kenako n'kukhala pa bedi. Dzanja lawo limapitabe pa lamba pamene pankalendewera makiyi. Za tsiku lija sanandifunsepo ngakhale liwu limodzi.

Zimene ndatumizazi mugawe pawiri, theka mukapereke kwa akazi awo. Munene kuti ndi mphatso ya ana, musanene zambiri.

Ndilembereni, chonde, ngakhale kundinyoza.

Ine mwamuna wanu.

20 Malichi

Amake Kadona,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino ndi kuti lata lasiya kudontha. Ndawerenga za nkhuku, za dimba, za mayeso a Kadona. Ndinatembenuza pepala kufuna kuona ngati kuseri kuli mawu ena. Kunalibe. Pamwamba simunalembe kuti mwamuna wanga monga mumachitira, munangoti moni. Ndamva.

Lamlungu masana ndinayesa. Alamu anali akusoka thumba la buluku pakhomo, ine ndinakhala pa ndowa pafupi nawo.

"Alamu," ndinatero, "za mpukutu uja..."

"Ndikudziwa," anatero osadzutsa mutu. "Tepi ndinamanga ndekha mfundo ziwiri. Pochokera kuchipatala ndinapeza mfundo imodzi. Ndinati ndikufunseni, dzino n'kundisokoneza. Limenelo ndiye gawo langa."

"Ndipita ndikanene."

"Mukanene kuti chiyani? Kuti mlongo wanga azidya chiyani? Inu mwangolembedwa kumene, akuchotsani tsiku lomwelo. Ine ndine wakale, andikalipira, mwina anditsitsa, basi. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, alamu. Inu mwakhala pa mkhate wa kwathu."

Anaseka pang'ono ponena zimenezo, koma singano inawabaya chala. Kenako anandiuza kuti sabata yatha anawaitana ku ofesi ya olemba ntchito, ndipo anasaina chikalata chonena kuti iwo ndi amene anapereka mpukutu wakale molakwitsa asanapite kuchipatala. Anati nkhani yatha, ndisaibukitsenso.

Ndikuuzeni zoona zake, poti kwa inu sindingathe kudzikongoletsa. Atanena choncho mtima wanga unakhala pansi. Ndinamva kupepukidwa. Ndinadya bwino tsiku limenelo, ndinaonjezera. Manyazi anabwera pambuyo, ndikutsuka mbale, nditazindikira kuti ndinapita kwa iwo ndikufuna kuti andiletse, ndipo anandiletsadi.

Mlandu wawo auika pa 10 Epulo. Ine ndimadutsa pa chitseko cha a Sikelo kawiri pa tsiku. Tsopano pa makina aliyonse aika kamakina kofiira, ndipo mpukutu usanakwezedwe umawalitsidwa kaye; nambala ikakhala yosiyana ndi zimene zikuphikidwa, makina amakana kuyaka. Anzanga amakatcha kamakina ka alamu ako. Amanena moseka, ine n'kuseka nawo.

Nkhuku yodwalayo muipatule isapatsire zinzake.

Ine mwamuna wanu.

3 Epulo

Amake Kadona,

Moni. Ine ndilipo.

Adalaivala anandipatsa kapepala kanu, kopindidwa kanayi. Mizere iwiri. "Nsapato ndinagula. Zili pamwamba pa kabati, sindinamuveke."

Poyamba ndinapsa mtima, ndisabise. Ndinati kodi mwana walakwanji kuti aziyenda ndi zala panja? Ndinati inuyo mukuyankhula chifukwa simunaimepo pa geti la fakitale m'mawa, anthu makumi asanu, kapitawo n'kuloza asanu okha. Ndinati ndi achimwene anu omwe andiletsa. Mawu onsewa ndinawakonza bwinobwino m'mutu ndili pa makina, moti ndikanakhala loya ndikanawina.

Koma mapaketi amadutsa pamaso panga mazanamazana, ndipo iliyonse yalembedwa kuti muli mtedza. Ndimawerenga mawu amenewo tsiku lonse. Mayi wa mwana uja nayenso ayenera kuti anaphunzitsa mwana wake kuyang'ana mawu omwewo asanadye. Aphunzitsi ake ayenera kuti anayang'ana. Onse anachita zoyenera, pepala n'kuwanamiza. Pepalalo ndinakweza ndine, ndi manja awiri, nditadula tepi yofiira.

Alamu aonda. Lamba aboola bowo lina. Dzana mwana wawo wamkulu anaimba foni kufunsa za buku la sukulu, iwo anatuluka panja kukayankha, koma khoma la bolodi mukulidziwa. Ndinamva akuti, "Bambo ali pa holide pang'ono, mwanawe."

Nsapatozo musazibweze ku sitolo. Zisiyeni pomwepo.

Ine mwamuna wanu.

12 Epulo

Amake Kadona,

Ndikhulupirira muli bwino. Ndanena.

Pa 10 m'mawa alamu anasita malaya awo oyera. Ine ndinapita ku makina monga mwa masiku onse, ndinakweza mpukutu, ndinawalitsa, makina anayaka. Itakwana nthawi ya mlandu ndinadina batani lofiira. Aka kanali koyamba kuti makina anga azime. Chimphepo anatulukira akukuwa, ine ndinangomudutsa.

Mu ofesi munali a Sikelo, bwana wa olemba ntchito, ndi alamu atakhala pa mpando wapakati, manja ali pa mawondo. Ndinalowa osagogoda. Ndinaima pa chitseko.

"Mpukutu uja sanandipatse munthu," ndinatero. "Ndinatenga ndekha. Iwowa anali kuchipatala, makiyi anali ndi ine. Ndinadziwa kuti ndi wakale."

Alamu anaimirira. "Mwamwa kapena?" anatero. "Tulukani muno!" Chikhalireni sanandikalipirepo choncho.

Bwana uja anatulutsa chikalata chimene alamu anasaina, n'kuchiika patebulo. Anafunsa ngati siginecha ili pansipo ndi yawo. Anavomera. Anafunsa ngati zolembedwazo n'zoona. Alamu anati ayi.

Ine andichotsa pomwepo, ndipo sindinatsutse. Ndinavula ovolosi ndi nsapato zachitsulo n'kuzisiya pa kauntala. Mumtima ndinkati basi, ndalipira, alamu abwerera pa makiyi awo. Ndinayenda mpaka pa geti ndikumva ngati munthu amene watula thumba la simenti.

A Sikelo anandipeza pomwepo ndikudikira kuti alonda andiseche. Anavula magalasi.

"Bambo, mwachita bwino kunena," anatero. "Koma ndikuuzeni kuti mudziwe. Kubwereketsa makiyi ndi mlandu wa chenjezo. Kusaina bodza pa nkhani imene inagoneka mwana m'chipatala ndi mlandu wochotsa ntchito, ndipo ine ndilibe mphamvu pamenepo. Mukanabwera sabata ija ndinakuuzani, alamu anu akanakhala asanasaine kanthu."

Ndinafunsa ngati pali poti n'kudandaula. Anati ayesa kuwalankhulira, koma ndisaike mtima.

Alamu anafika madzulo. Sanaphike, ine ndinaphika, sanadye. Chigamulo chawo chituluka Lachinayi.

Kadona mumuveke nsapato zija ngati mukuona kuti n'koyenera. Inu ndi amene mukudziwa.

Ine mwamuna wanu.

21 Epulo

Amake Kadona,

Moni kwa inu ndi kwa mwana. Zikomo chifukwa cha foni ya dzana. Sindinathe kuyankhula zambiri, koma mawu anu ndinawamva, ndipo munanditchula monga kale.

Alamu awachotsa. A Sikelo anayesetsa, ndipo chimene anakwanitsa n'chakuti kalata yawo isalembedwe kuti anaba kapena anaononga, ingoti ntchito yatha. Zaka khumi ndi chimodzi zakwana pa pepala limodzi.

Ndakhala ndikuzitembenuza mbali zonse. Ndikanakhala chete mpaka kalekale, mwina akanangowatsitsa monga ankanenera, nyumba ziwiri zikudya. Ndikananena msanga, nyumba yawo ikanatsala. Ine ndinasankha tsiku limene kunena kunapha nyumba zonse ziwiri. Musandiyamikire kuti ndinanena zoona, amake Kadona. Ndinazisunga mpaka zinasasa.

Ndikubwera Loweruka ndi basi ya m'mawa. Chipinda sindingathe kulipira, ndipo pa fakitale ina iliyonse ya kuno akafunsa kumene ndachokera. Alamu akutsala. Akuti pa zaka zawo sangabwerere kwawo ndi manja okha, ayesa maganyu okweza katundu kumsika waukulu. Munthu woonda ngati iwo.

Masiku khumi sanandiyankhule. Timapatsana njira m'chipinda ngati anthu okumana pa basi. Lero m'mawa anapita m'tauni, n'kubwera ndi chikwama cha mizeremizere, chodzaza, chomangidwa ndi chingwe. Muli buku lija la wamkulu, majuzi awiri a ang'onoang'ono ndi nsalu ya akazi awo. Anagulitsa wailesi yawo. Anachiika pa bedi langa.

Ndinati, "Alamu, ndikhululukireni."

Anakhala pa bedi lawo, akuyang'ana chikwamacho. "Kukhululuka ndikhululuka, ndinu bambo ake a mwana wa mlongo wanga," anatero. "Koma lero ayi. Ichi musapatsire adalaivala, musatume mlongo wanga. Mukapereke ndi manja anu. Kunyumba sindinawauze kanthu, akudziwa kuti ndili pa holide. Ana akakufunsani kuti bambo abwera liti, muwayankhe inuyo."

Ndiye Loweruka musabwere kudzandichingamira pa siteji, ndipo musandidikire ndi chakudya. Ndikatsika basi ndiyamba kwa alamu. Sindikudziwa kuti ndikakhalako nthawi yaitali bwanji.

Ine mwamuna wanu,
bambo ake a Kadona.